Dzanja lamanzere likundithawa pa makolasi othamanga, ndithandizeni

Yamikani, Kaphatenga

Muli bwanji nonse muno. Ndine mnyamata wa zaka 19, ndimakhala pa Kaphatenga kuno ku Salima. Ndakhala ndikuimba madiramu kutchalitchi kwathu kwa chaka ndi miyezi itatu, chichokereni achimwene amene ankaimba kale, omwe anapita kukagwira ntchito ku Lilongwe. Palibe anandiphunzitsa. Ndinkangokhala kumbuyo kwawo n'kumaonerera, tsiku limene anachoka abusa anangondipatsa timitengo.

Nyimbo zodekha ndimatha. Vuto langa lili pa makolasi othamanga aja, amene amayi amavina mpaka fumbi kuti koboo. Lachisanu lapitali tinali ndi mapemphero ochezera. Cha m'ma 1 koloko usiku wotsogolera anayambitsa kolasi, anthu anayilandira bwino, ndipo anayilumikiza ndi zina zinayi osapumira. Pofika pa yachitatu mkono wanga wamanzere unauma gwa kuyambira paphewa mpaka kuzala. Nditati ndizungulire ng'oma zonse kuti tilowe kolasi ina, lamanja linapita lokha, lamanzere linatsalira, timitengo tinawombana ndipo kamodzi kanagwera pansi pa kiyibodi. Anthu anapitiriza ndi m'manja mpaka ndinakatola. Palibe anandinena, koma ine sindinagone ngakhale kutacha.

Kunyumba ndilibe ng'oma. Za kutchalitchi zimatsekeredwa, ndimazikhudza Loweruka masana pokonzekera ndi Lamulungu basi. Ndili ndi timitengo tiwiri tolembedwa 5A, kena kanathetheka kale kunsonga. Usiku ndimamenya pa ntchafu kapena pa matilesi mothamanga mmene ndingathere mpaka nditatopa, koma papita miyezi iwiri sindikuona kusintha, kungotuluka matuza pa chala cha mkombaphala. Pa YouTube ndimaona anthu akulemba RLRR LRLL, koma bandulo imatha ndisanamvetse kuti zimenezi zikugwirizana bwanji ndi kolasi ya kutchalitchi.

Funso langa ndi ili: munthu wopanda ng'oma pakhomo achite chiyani tsiku ndi tsiku kuti manja onse awiri aziyendera limodzi, ndiponso kuti asamaume nyimbo ikathamanga? Kapena ena anangobadwa nalo liwiro, ine ndingovomereza?

Chisale, Senga Bay

Mphwanga Yamikani, wachita bwino kufunsa. Ine ndaimba madiramu m'mabandi a m'mbali mwa nyanja muno kwa zaka 14, ndipo kamtengo kanandigwaponso pamaso pa anthu, pa ukwati, mkwati ndi mkwatibwi akulowa kumene. Usavomereze chilichonse. Zimene wafotokozazi zili ndi mankhwala ake, koma ndiyambe ndi kukuuza mosabisa kuti zimene ukuchita usikuzo ndi zimene zikukuumitsa mkono. Ukamamenya mothamanga mpaka kutopa, ukuphunzitsa thupi lako kuti liwiro limabwera ndi kulimbitsa minofu. Ndiye Lamulungu kolasi ikathamanga, thupi limachita zomwe unaliphunzitsa.

Tiyambe ndi kagwiridwe. Tenga kamtengo kako, ukagawe patatu ndi maso. Pamene pathera gawo loyamba kuchokera kumbuyo, ndi pamene uyenera kugwira, pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Zala zitatu zotsalazo zingokumbatira kamtengoko pang'ono, zisakafinye, komanso zisatambasuke ngati ukumwa tiyi. Tsopano kamenye kamodzi pa chinthu cholimba n'kukalekerera. Ukagwira pamalo oyenera kamanjanja kangapo kokha, ngati mpira. Ukagwira kumbuyo kwenikweni kamangogwa n'kukhala phee. Sunthasuntha chala mpaka upeze pamene kakunjanja kwambiri, ulembepo ndi bolopeni. Matuza akowo akundiuza kuti ukufinya. Munthu wina atabwera kumbuyo kwako n'kukoka kamtengo uli mkati moimba, kayenera kusololoka mosavuta.

Kunjanjako ndiye nkhani yonse. Ntchito yako ndi kuponya kamtengo pansi. Kubwerera m'mwamba ndi ntchito ya ng'oma, iwe dzanja lingotsatira. Anthu ambiri amagwira ntchito ziwiri, kutsitsa ndi kukweza, n'chifukwa chake amatopa pa kolasi yachitatu. Ndipo poponyapo pazigwedera pamene timavala wotchi paja, osati chigongono, osati phewa. Ukaona phewa likukwera kulowera kukhutu, ima, tsitsa manja, upume.

Matilesi sanjanjitsa, ntchafu nayo sinjanjitsa. Pita kwa okonza matayala, upemphe chubu chakutha cha galimoto. Dula zigamba ziwiri kapena zitatu zazikulu ngati mbale yodyera nsima, uzimate pa thabwa lokhuthala ndi guluu womatira nsapato, utsamiritse mwala usiku wonse. Ine langa ndinapanga chomwecho pa chidutswa cha mlombwa chimene kalipentala ankafuna kusonkhezera moto, ndipo ndikadali nalo. Silisokosera, ungathe kumenya anthu ali mtulo chipinda china. Uliike pa mpando kuti lifike cha pa mchombo utakhala pansi.

Kenako ika metronome mu foni, kapulogalamu kolira mobwereza pa liwiro losasintha. Zaulere zilipo zambiri ndipo ukangotsitsa sizifunanso bandulo. Ika pa 60, ndiye kuti ikulira kamodzi pa sekondi iliyonse.

Zija umaona pa YouTube, R ndi dzanja lamanja, L ndi lamanzere. Amazitcha ma rudiments. Bungwe la ku America lotchedwa Percussive Arts Society linaika mndandanda wa 40 m'chaka cha 1984, koma usachite nazo mantha. Pa miyezi itatu ikubwerayi ukufunika zitatu zokha.

Yoyamba ndi single stroke: R L R L, kusinthanitsa manja basi. Menya kanayi pa kulira kulikonse kwa metronome. Pa 60 ndiye kuti ukumenya ka 240 pa mphindi imodzi. Udzaona ngati n'zochedwa kwambiri, koma tsekula makutu. Kodi manja awiriwo akulira mofanana? Ndikudziwa kale yankho: lamanja likumveka TA, lamanzere likumveka ta. Khala patsogolo pa galasi, kapena tsamiritsa foni pa kapu udzijambule, uone nsonga za timitengo. Zonse zizikwera msinkhu umodzi. Lamanzere limakondanso kuyenda mokhota ngati likuvundula phala, lamanja likuyenda chowongoka. Uliyang'anitsitse mpaka litengere mnzake. Ndipo theka la nthawi uziyambira kumanzere, L R L R, kuti nalonso lizolowere kutsogolera.

Yachiwiri ndi double stroke: R R L L. Pamenepa samala kumenya kwachiwiri, chifukwa kumakonda kufowoka. Pa liwiro lochepali usadalire kunjanja kokha, menya kawiri konse ndi dzanja kuti zimveke zofanana.

Yachitatu ndi ija wafunsayo, paradiddle: R L R R, L R L L. Itchule pakamwa, pa-ra-di-dle, ndipo pa "pa" paja uzimenya mokwezako. Ubwino wake ndi woti imasinthanitsa dzanja lotsogolera payokha. Gulu loyamba latsogolera lamanja, lachiwiri lamanzere, ndiye lamanzere lilibe pobisala. Timitengo tako tinawombana chifukwa pozungulira ng'oma manja anapingasana. Ukadziwa kumenya kawiri ndi dzanja limodzi pakati pa single, umatha kusankha dzanja loti lifike pa ng'oma yotsatira popanda kupingasa.

Ndondomeko yake ikhale yotere. Mphindi 20 pa tsiku, masiku onse, zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Mphindi zitatu zoyamba dzanja limodzilimodzi, kasanu ndi katatu kumanja, kasanu ndi katatu kumanzere, kuti magazi ayende. Kenako mphindi zisanu pa chilichonse cha zitatu zija. Ukatha mphindi imodzi yathunthu osaphonya, osalimbitsa phewa, ukupuma bwinobwino, kweza metronome ndi 4 kapena 5 basi. Ukangomva kuuma, bwerera mmbuyo ndi 10. Gula kope la masamba ochepa uzilemba tsiku ndi nambala imene wafika. Pali buku lakale la George Lawrence Stone, Stick Control, la m'chaka cha 1935, limene oimba ng'oma padziko lonse akuligwiritsabe ntchito. Tsamba lake loyamba la maphunziro ndi R ndi L zomwezi zosakanizidwa mosiyanasiyana, ndipo mwini wake analangiza kuti mzere uliwonse uzibwerezedwa ka 20 osaima. Ine tsamba limodzi limenelo ndinakhala nalo chaka chathunthu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga. Sabata ziwiri zoyamba udzaona ngati ukutaya nthawi. Pitiriza.

Mayi Nabanda, Nkhotakota

Mwanawe, ine si woimba ng'oma, ndimatsogolera kwaya ndi gulu la matamando kuno ku Linga kwa zaka zambiri, ndiye ndilankhula ngati munthu amene amaima kutsogolo n'kumamva ng'oma kumsana.

Zonse anena a Chisale uzitsate. Koma ndikufunse: kodi kolasi ija inathamanga yokha, kapena unayithamangitsa ndiwe? Ndagwira ntchito ndi anyamata asanu ndi mmodzi pa madiramu, ndipo onse kupatula mmodzi anali ndi matenda amodzi. Mpingo ukatenthedwa, iwonso mtima umakwera, amayamba kukoka nyimbo pang'onopang'ono osadziwa. Tikayamba bwinobwino, pofika kolasi yachinayi mawu sakutchulikanso, amayi achikulire akhala pansi, woimba ng'omayo thukuta lili kamukamu, akudandaula kuti nyimbo yathamanga. Chikhalirenicho wayithamangitsa yekha. Makamaka pozungulira ng'oma paja, mnyamata amalowa ndi liwiro lina n'kutuluka ndi lina.

Loweruka likubwerali upemphe munthu akujambulireni mawu pa foni kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ukafika kunyumba uyerekeze liwiro la poyambira ndi la pothera. Mwina udzapeza kuti liwiro limene ukulisakalo silikufunika n'komwe.

Chinanso, ukamayeserera pa thabwa lakolo, uziimba kolasi pakamwa uku manja akuyenda. Ngati sungathe kuimba, ndiye kuti ukubanika, sukupuma, ndipo munthu wosapuma amauma. Mnyamata mmodzi uja ndati analibe matendawa ankaimba nafe mawu onse ali pa ng'oma. Sankazungulira ng'oma kawirikawiri, mwina kawiri pa nyimbo yonse, koma tikamaimba naye tinkamva ngati taponda pa thanthwe. Mpaka lero amayi a kuno amamufunsa.

Za kamtengo kugwa usadandaule nazo. Uziika kena pambali, pamwamba pa ng'oma yaikulu ija, kuti kakagwa ungotola kena phazi likupitiriza.

Madalitso, Chipoka

Aise, ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono ndi a Chisale pa nkhani ya matilesi. Ine liwiro ndinalipeza pa pilo. Chifukwa choti pilo sanjanjitsa, dzanja limagwira ntchito yonse lokha ndipo limalimba. Ukachoka pamenepo kupita pa snare, ng'oma ija imakhala pakati pa miyendo, umaona ngati timitengo tikuuluka tokha. Ndinkagwiritsanso ntchito timitengo tonenepa, ta 2B, poyeserera, ndiye Lamulungu ndikatenga 5A timapepuka ngati udzu. Komanso floor tom ya kutchalitchi kwathu, ng'oma ija imaima pansi ndi miyendo yake, chikopa chake n'chofewa, sichinjanjitsa ngati chubu, ndiye munthu wozolowera kunjanja kokha akafika pamenepo amamira.

Gift, Benga

Ndawawerengera agogo anga zonsezi dzulo madzulo tili pakhonde. Iwo anaimba ng'oma ya mganda kuyambira ali mnyamata mpaka mawondo atayamba kuvuta, ndipo m'boma lawo la mganda munthu sankaloledwa kukhudza ng'oma yaikulu asanathe chaka akungonyamula ndi kuwamba pamoto. Andiuza kuti ndikulembere izi, ndiye ndilemba mmene anenera.

Akuti choyamba, chimene sungathe kuchitchula pakamwa, manja sangachiimbe. Iwo pophunzira, mkulu wawo ankawaimbira kamvekedwe ka ng'oma pakamwa, iwo n'kubwereza pakamwa pomwepo akupita kudimba, akuweta mbuzi, akubwera kunyanja, mpaka kalowe m'mutu. Timitengo ankapatsidwa pambuyo. Akuti pa-ra-di-dle ya a Chisale ija yawasangalatsa chifukwa ndi njira yomweyo, dzina lake ndi kamvekedwe kake komwe.

Chachiwiri, akuti dzanja lamanzere ndi mwana wamasiye, chilichonse chabwino timapatsa lamanja. Iwo mkulu wawo anawalamula kuti kwa mwezi wathunthu azitunga madzi, kusesa, kutokosa moto ndi kukhoma zikhomo ndi lamanzere. Kudya kokha ndi kupereka moni ndi kumene ankaloledwa lamanja, poopa mwano. Akuti uyesere, sizilira ndalama.

Chachitatu ndi chimene ine chandithandiza kwambiri, chifukwa nanenso ndimaimbako pang'ono. Ng'oma zathu zambiri zimayenda patatu mkati mwa pawiri, ndipo makolasi ambiri a m'matchalitchi mwathu anatengera momwemo. Agogo anandionetsa pa ntchafu. Werenga mpaka 6 mobwerezabwereza. Lamanja limenye pa 1, pa 3 ndi pa 5. Lamanzere limenye pa 1 ndi pa 4. Ukamvetsera zikumveka chonchi: pamodzi, kaphokoso kadukiza, manja, manzere, manja, kadukizanso, n'kubwerera pamodzi. Ukazolowera, sinthanitsa, lamanzere litenge patatu, lamanja pawiri. Tsiku loyamba mutu umazungulira. Agogo amachita zimenezi uku akucheza nawe nkhani za mitengo ya feteleza, manja akuyenda okha, ali ndi zaka zopitirira 70.

Pa za metronome anapukusa mutu. Akuti iwo metronome yawo inali mapazi a ovina. Mzere wa amuna ovala zoyera ukaponda, badza likulira, woimba ng'oma amayang'ana mapazi, ndipo akathamangitsa ngakhale pang'ono mzere wonse umasokonekera pamaso pa mudzi wonse ndi alendo amene abwera kudzapikisana. Ndawauza kuti Yamikani alibe ovina m'chipinda mwake, ndiye anati chabwino, agwiritse kafoniko, koma Lamulungu aziyang'ana mapazi a amayi, asamayang'ane manja ake.

Anamaliza ndi kufunsa ngati timitengo tako tili tolemera mofanana. Akuti iwo ankasema okha, ndipo ankatigogoda pa mwala n'kumvetsera, tikalira mosiyana ankasemanso. Wanena kuti kena kanathetheka kunsonga. Mwina lamanzere ukulipatsa kothetheka komweko.

Chisale, Senga Bay

Gift, uwathokoze agogo m'malo mwanga, uwauze kuti zimene anenazo ndikaziyesa ndekha usiku uno. Za patatu mkati mwa pawirizo ndi zoona zenizeni, ndipo ndinalakwitsa kusazitchula. Yamikani, pa ndondomeko ija onjezerapo single stroke yomenya katatu pa kulira kulikonse kwa metronome: R L R, L R L. Udzaona kuti dzanja logwera pa kulirako likusinthana lokha. Makolasi ambiri amene ukuvutika nawowo ali m'menemo.

Madalitso, sindikukutsutsa kotheratu. Za floor tom wanena zoona, ndipo pilo ali ndi ntchito yake. Koma pilo ndi wa munthu amene wadziwa kale kumasula dzanja. Mnyamatayu vuto lake ndi kufinya, ndipo wakhala pa matilesi miyezi iwiri, zotsatira zake ndi matuza. Ayambe wadziwa kunjanjitsa. Pakatha mwezi kapena iwiri angathe kuwonjezera mphindi ziwiri kapena zitatu za pilo kumapeto, osapitirira.

Ndikunena izi chifukwa ndinapwetekapo. Chaka china tinapeza ntchito yoimba masiku atatu otsatizana nyengo ya Khirisimasi, ndipo ine pofuna kudzionetsa ndinakhala sabata ziwiri ndikumenya pilo ola lathunthu usiku uliwonse ndi timitengo tolemera. Pamwamba pa mkono, pafupi ndi chigongono, panayamba kuwawa ngati pakuyaka moto. Ndinapirira, ndinkati ndi mmene minofu imakulira. Tsiku lachiwiri la ntchitoyo ndinalephera kukweza kapu ya madzi ndi dzanja lamanzere. Ndinakhala miyezi iwiri osagwira kamtengo, ntchito inapita kwa wina, ana kunyumba akufuna fizi ya Januwale. Kutopa kwa minofu n'kwabwinobwino, kumatha ukapuma. Koma ululu wobaya, kapena dzanzi m'zala, ndi chizindikiro choti uime tsiku lomwelo, ndipo zikapitirira upite kuchipatala.

Tsopano za mapazi, poti wafunsanso za kuyendera limodzi. Usadikire kufika pa ng'oma za kutchalitchi. Uli pa thabwa lako lomwelo, phazi lamanja liziponda pansi pa kulira kulikonse kwa metronome uku manja akuchita zitatu zija. Pa single n'zosavuta. Pa paradiddle udzaona zodabwitsa: phazi likagwera limodzi ndi dzanja lamanzere, thupi limafuna kukana, chifukwa linazolowera kuti phazi lamanja ndi dzanja lamanja ndi mapasa. Khala pomwepo, tsitsa metronome mpaka 50 ngati kuli kofunika. Zikakhazikika, phazi lamanzere liyambe kuponda pa 2 ndi pa 4, ngati likutseka hi-hat, zimbale ziwiri zachitsulo zotsekedwa ndi phazi zija.

Loweruka ukafika msanga kutchalitchi anzako asanabwere, yesa ichi kuti uone kuti paradiddle si masewera a pa thabwa chabe. Dzanja lamanja uliike pa hi-hat, lamanzere pa snare, uimbe R L R R, L R L L yomweyo. L woyamba wa gulu lachiwiri ummenye mwamphamvu, ma L ena onse akhale onong'ona, kamtengo kasakwere kupitirira zala ziwiri kuchokera pa chikopa. Bass drum, ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi ija, iponde poyambira gulu loyamba. Udzamva nyimbo yathunthu ikutuluka, yoti anthu angavine. Kenako samutsa lamanja lipite pa floor tom, lamanzere likhale pomwepo. Chinthu chimodzi chomwecho chikupatsa zoimba zitatu kapena zinayi.

Ndipo mverani mayi Nabanda. Ife oimba ng'oma sitikonda kuuzidwa zimenezo, koma amene amatilemba ntchito kawiri ndi amene anaona kuti sitithamangitsa nyimbo.

Yamikani, Kaphatenga

Pepani ndinakhala chete, ndinafuna ndibwere ndi zoti ndinene. Lero patha sabata zisanu.

Thabwa ndinapanga. Chubu anandipatsa ulere a matayala pa Kamuzu Road, guluu ndinagula. Ndimayeserera m'mawa cha m'ma 5 koloko ndisanapite kukathandiza mayi ku okala, chifukwa kutentha kwa mwezi uno masana manja amachita thukuta, timitengo timaterera. Ndaphonya masiku atatu okha, awiri chifukwa foni inathima magetsi atazima, lina ndinali ku maliro ku Khombedza.

Agogo a ku Benga ananena zoona. Nditagogoda timitengo tanga pa simenti, kothetheka kaja kanalira mogonthera, ndipo ndi komwe ndinkagwira kumanzere masiku onse osaganizirapo. Ndinasunga ndalama ndagula tina. Kusesa ndi kutunga madzi ndikuchita ndi lamanzere, mayi anayamba adabwa koma pano azolowera.

Mayi Nabanda, ndinachita zimene munanena. Mlongo wanga anajambula Loweruka loyamba lomwelo. Kolasi tinayiyamba pa 126, pomaliza inali pa 147. Ndinabwereza kuyeza katatu chifukwa sindinakhulupirire. Ndinamvanso ndi makutu anga kuti paliponse pamene ndazungulira ng'oma, potuluka nyimbo yakwera. Ndinawaonetsa otsogolera matamando, tinagwirizana kuti akaona ndayamba kukoka azitsitsa dzanja pang'ono kumbali, anthu osaona. Lamulungu lapitali anatsitsa kawiri kokha, ndipo tinaimba makolasi asanu olumikiza mkono osauma. Nditatsika, mayi wina wachikulire amene amakhala kutsogolo anandigwira dzanja n'kunena kuti lero wavina mpaka pomaliza.

M'kope mwanga manambala ali chonchi: single ndinayamba pa 60, pano ndili pa 92 kwa mphindi yathunthu phewa lili pansi. Ndikayambira kumanzere ndimafika 84. Paradiddle ili pa 76, ndi phazi 66. Patatu mkati mwa pawiri ndikutha lamanja likatenga patatu, koma ndikasinthanitsa ndimasochera pakatha kanthawi. Matuza anapola.

Pamene ndakakamira ndi pa double stroke. Ndafika pa 80 ndipo papita masiku khumi osasuntha. Ndikakweza pang'ono, kumenya kwachiwiri kumafowoka, makamaka kumanzere, zimamveka TA-ta TA-ta ngati munthu wotsimphina. Ndikati ndilimbikire kuti zifanane, mkono umayamba kuuma ngati kale. Achimwene a Chisale, pamenepa ndidutse bwanji?

Chisale, Senga Bay

Mphwanga, manambala amenewo ndi abwino kwambiri pa sabata zisanu, ndipo 84 ya kumanzereyo ndi imene yandisangalatsa kuposa zonse.

Pamene wafikapo aliyense amaimapo. Dzanja lokha lafika pothera, tsopano zala ziyambe kuthandiza. Bwerera pa 56. Tembenuza mphamvu, kumenya koyamba kukhale kofewa, kwachiwiri kokweza: ta-TA ta-TA. Poyamba paja ponya kamtengo, zala zitseguke pang'ono kuti kanjanje, ndipo pachiwiri zala zitatu zakumbuyo zija zikakokere m'chikhatho ngati ukuitana mwana. Ponya, koka. Ponya, koka. Chita dzanja lamanzere lokha mphindi ziwiri, kenako lamanja, kenako onse.

Ukatero yesa kuyamba double yako pakati: imba R L L R mobwereza, udzaona kuti R woyamba wa gulu lililonse ndi mnzake wa R womaliza wa gulu lapitalo, ndiye kumenya kwachiwiri ndi kumene kukugwera pa kulira kwa metronome, ndipo khutu silingalole kuti kufowoke. Ukatha uchitenso L R R L. Sabata ino usakweze nambala, ukhale pakati pa 56 ndi 64.

Loweruka la sabata yamawa masana tili ndi zoyeserera za bandi kuno ku Senga Bay. Ukapeza ya galimoto kuchokera pa boma ubwere ndi thabwa lako ndi kope lija, ndidzaone zala zakozo ndi maso. Undilembere kumbali ndikuuze potsikira.